Makalasi a ringcraft ku Britain: kodi ndalama zake zimabwerera pa chionetsero choyamba cha kagalu?

Holo ya tchalitchi kapena ya m'mudzi, madzulo amodzi pa sabata. Pansi ayala mphasa zazitali za labala mwa makona atatu, pambali aika tebulo lomatidwa kapeti pamwamba, pakhomo pakhala munthu ndi kabuku ka mayina ndi kachitini ka ndalama. M'mbali mwa khoma mwandanda agalu, kuyambira ka Chihuahua kokwana m'manja mpaka Great Dane wofanana msinkhu ndi mwana wa ng'ombe. Awa ndiwo makalasi amene ku Britain amawatchula kuti ringcraft, kumene galu ndi mwini wake amaphunzira kachitidwe ka m'bwalo la chionetsero. Ambiri amayendetsedwa ndi makalabu olembetsedwa ku Kennel Club (tsopano Royal Kennel Club), bungwe limene layang'anira zionetsero za agalu m'dzikomo kuyambira 1873, ndipo makalabuwa mutha kuwafufuza pa webusaiti ya bungwelo. Pakhomo mumalipira mapaundi ochepa pa galu mmodzi, ndipo ena amafunanso kandalama ka umembala kamodzi pa chaka.

Tinene poyera maganizo athu: kwa munthu amene ali ndi kagalu ka miyezi inayi kapena isanu ndipo akufuna kukalowetsa chionetsero, palibe ndalama ina imene angaigwiritse bwino kuposa imeneyi. Chifukwa chake si nzeru za aphunzitsi kwenikweni. Kuimika galu ndi kumuyendetsa mutha kuphunzira kunyumba ndi galasi lalikulu ndi foni yojambulira. Chimene simungagule kwina ndi manja a mlendo. Pa chionetsero munthu amene kagalu kanu sikanamuonepo amawerama pamwamba pake, n'kukatsegula milomo, n'kukapapasa kuyambira kumutu mpaka kumchira, pamalo aphokoso odzaza fungo la agalu ena. Kalasi ya ringcraft imagulitsa zimenezo sabata ndi sabata pa mtengo wotsika. Koma si kalasi iliyonse yabwino ayi, ndipo kalasi yoipa imaononga kagalu msanga kuposa kusapitako n'komwe.

Lamulo la msinkhu ndi limene limakupatsani nthawi yokonzekera. Pa zionetsero wamba za Kennel Club galu amayamba kupikisana akakwanitsa miyezi 6, ndipo amawerengera pa tsiku loyamba la chionetserocho, osati tsiku limene mtundu wa galu wanu ukuweruzidwa. Chionetsero chachikulu chikamatenga masiku atatu, kagalu kokwanitsa miyezi 6 pa tsiku lachiwiri sikaloledwa ngakhale mtundu wake ukulowa m'bwalo tsiku lachitatu. Pa chionetsero agalu amapikisana m'makalasi: kalasi ya Minor Puppy ndi ya agalu a miyezi 6 mpaka 9, Puppy ndi ya 6 mpaka 12, Junior ndi ya 6 mpaka 18. Makalabu ambiri a ringcraft amalandira kagalu kakangomaliza katemera woyamba ndipo dokotala wa ziweto wanena kuti kangathe kukumana ndi agalu ena, nthawi zambiri cha m'ma sabata 12 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti muli ndi miyezi itatu yokha. Ndi yokwanira, bola osaiwononga ndi phuma.

Usiku woyamba, kalabu yodziwa ntchito yake siikani kagalu pamphasa n'komwe. Amakuuzani kuti mukhale pampando kumbuyo, kagalu pamiyendo kapena pansi pambali panu, kazingoyang'ana. Kakatukula makutu ndi kuyamba kununkhiza, mumakapatsa kanyama. Wophunzitsa amabwera, n'kunjuta chammbali osati kutsogolo, n'kukalola kamununkhize dzanja, basi. Ena amaona ngati alipira pachabe usiku umenewo. Sanalipire pachabe. Kagalu kamene kakokedwa kupita pakati pa holo usiku woyamba, miyendo itauma, mchira uli pakati pa miyendo, kamaphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti mphasa ija ndi malo oopsa, ndipo kulichotsa phunziro limenelo kumatenga miyezi. Mukaona wophunzitsa akulanda chingwe kwa mwini galu n'kumakhwekhwereza kagalu kolira uku akunena kuti kazolowera, tengani galu wanu muzipita. Musabwererenso.

Chinthu choyamba chophunzitsidwa ndi kuima. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri ochokera ku makalasi aja ophunzitsa galu kumvera. Kumeneko kagalu kamaphunzira kuti chakudya chikaoneka, matako pansi. M'bwalo la chionetsero galu sakhala pansi. Ndiye ngati mwakaphunzitsa kale kukhala, muyenera kukaphunzitsanso liwu lina la kuima, ndipo kanyama kazituluka pokhapokha miyendo inayi yonse ili chilili. Dzanja logwira nyamalo likhale pa msinkhu wa mphuno yake. Mukalikweza, mutu umapita m'mwamba, thupi limabwerera m'mbuyo, kagalu n'kukhala pansi. Mukalitsitsa kwambiri, khosi limagwa ndipo mapewa amaoneka otukuka.

Mitundu ina amaiimika ndi manja. Ndondomeko yake njosavuta kuinena koma imafuna kubwerezabwereza. Dzanja limodzi ligwire mutu, pansi pa chibwano kapena pa chingwe pafupi ndi khutu, ndipo lisachoke, chifukwa galu amatsata mutu wake. Mwendo wakutsogolo muugwire pa chigongono, osati kuphazi, n'kuuika molunjika pansi pa phewa. Mukagwira kuphazi galu amaukoka ngati mwamuponda. Kenako mwendo winawo, kenako yakumbuyo, kuigwira pa mfundo ija yooneka ngati chidendene, n'kuibweza m'mbuyo mpaka gawo la pakati pa mfundoyo ndi phazi litaima chilili ngati mzati. Mukapitiriza kubweza, msana umatsetsereka ndipo kagalu kamaoneka ngati kakudziwongola pouka m'tulo. Mukaperewera, msana umapindika m'mwamba. Poyamba kaime masekondi atatu okha, n'kukamasula ndi kukasekerera. Sabata yotsatira masekondi khumi. Kunyumba mphindi ziwiri kapena zitatu pa tsiku n'zokwanira, ndipo ndi bwino kuleka kagalu kadakali ndi chidwi.

Apa ndi pamene pali kufooka kwakukulu kwa makalasiwa. Kalabu ya ringcraft imalandira mitundu yonse, koma wophunzitsa amadziwa bwino mtundu umodzi kapena iwiri imene iyeyo amaweta. Kaimikidwe n'kosiyana. German Shepherd amamuimika mwendo umodzi wakumbuyo uli pansi pa thupi, wina utatambasulidwa m'mbuyo. Labrador ku Britain nthawi zambiri amaima yekha moyang'ana mwini wake, mchira ukugwedera, osagwiridwa. Agalu a mtundu wa setter amawagwira mutu ndi mchira. Tiagalu ting'onoting'ono timapimidwa patebulo. Wophunzitsa wa mtima wabwino koma woweta Labrador atha kukuphunzitsani kaimikidwe kamene m'bwalo la mtundu wanu palibe amene amachita. Mankhwala ake ndi awiri. Funsani amene anakugulitsani kagalu, ngati amaonetsa agalu, kuti akusonyezeni kamodzi. Ndiponso pitani ku chionetsero chimodzi opanda galu, mukakhale m'mbali mwa bwalo la mtundu wanu kwa ola lathunthu, kuyang'ana manja a amene akupambana. Safunsa anadya phula.

Nkhani ya m'kamwa tiyikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene imagwetsa tiagalu tambiri pa chionetsero choyamba. Kagalu kamakhala ndi mano a ukhanda 28, ndipo galu wamkulu ali ndi 42. Kusinthana kwa manowa kumachitika kuyambira cha pa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndiye kuti nthawi yeniyeni imene mukukonzekera chionetsero ndi imene usinini uli wotupa ndi wopweteka. Munthu mmodzi wa manja olemera akakanikiza usinini wotero, kagalu kamayamba kupotoza mutu aliyense akafikitsa dzanja kukamwa, ndipo khalidwelo limatsalira ngakhale mano atamera onse. Kalasi yabwino imafunsa kaye kuti, "Kodi mano akugweluka?" Mukavomera, wopimayo amangosisita milomo n'kupitirira. M'masabata amenewo musalole aliyense kutsegula kamwa la kagalu kanu kupatula inu nokha.

Kaonetsedwe ka mano kali motere. Nsagwada zikhale zotseka. Dzanja lamanzere pansi pa chibwano, lamanja pamwamba pa mphuno koma osatseka mabowo opumira, chala chachikulu ndi cholozera zikweze mlomo wapamwamba, dzanja lapansi litsitse wapansi. Mutu wa galu muulozetse kwa woweruza, ndipo mutu wanu muuchotsepo, pakuti oyamba kumene ambiri amawerama kuti aone okha mano n'kumutchinga amene akufuna kuona. Kutsogolo kukaoneka, kwezani mlomo wa mbali ina kenako inayo. Mitundu yambiri imafunika mano apamwamba akutsogolo aphimbe pang'ono apansi mogundana ngati sizasi. Kwa Boxer ndi Bulldog n'zosiyana, nsagwada yapansi ndiyo imatsogola. Oweruza ena amatsegula okha, ena amakuuzani kuti muonetse ndinu, choncho kagalu kazolowere zonse ziwiri. Tiagalu ta mitundu ing'onoing'ono nthawi zina timasunga dzino losongoka la ukhanda pambali pa latsopano. Likapitirira miyezi isanu ndi iwiri lisanagwe, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa limatha kukankha dzino latsopanolo kuti limere mokhota.

Kupapasa kwa thupi kumatsatira: mutu, makutu, khosi, mapewa, chifuwa, nthiti, msana, miyendo yakumbuyo, mchira. Kwa Rhodesian Ridgeback, galu amene muyezo wa mtundu wake unalembedwa ku Bulawayo mu 1922, woweruza amayang'anitsitsa mzere uja wa ubweya womera chobwerera pamsana, ndi timizunguliro tiwiri ta kumtunda kwake, timene tiyenera kufanana ndi kuyang'anizana. Kwa galu wamphongo wa mtundu uliwonse dzanja limafikanso kumachende, kuona ngati onse awiri atsika. Zimenezi anthu amachita nazo manyazi kuyeserera kunyumba, ndiye tsiku la chionetsero kagalu kamalumpha kapena kukhala pansi mwadzidzidzi. Muzikagwira kumeneko pang'ono tsiku lililonse pokapesa. Dziwaninso kuti kagalu kakachita mantha kapena kuzizidwa kamatha kukokera limodzi m'kati kwa kanthawi, ndipo woweruza amaweruza zimene dzanja lake lapeza pa mphindi imeneyo.

Pa nkhani ya mayendedwe makalasiwa amachita bwino ndithu, ngati holo ili yotalika mokwanira. Galu amayenda kumanzere kwanu, chingwe chili m'dzanja lamanzere, chotsalacho mutachipinda m'chikhato kuti chisamalendewere kumaso kwake. Kalasi yonse imazungulira bwalo chakumanzere, agalu ali m'kati, kuti woweruza woima pakati aziona agalu osati miyendo ya eni ake. Kenako mmodzimmodzi amauzidwa kuyenda makona atatu: kuchoka kwa woweruza molunjika kukona, kudutsa chopingasa, n'kubwerera kwa iye. Mzere woyamba akuona miyendo yakumbuyo, wachiwiri akuona thupi chammbali, wachitatu akuona yakutsogolo. Akatero amatha kunena kuti mupite molunjika ndi kubwerera. Musananyamuke yang'anani chinthu chimodzi kutsidya, mzati kapena mpando, n'kulunjika kumeneko, apo ayi mudzayenda mokhotakhota. Pobwerera imani patatsala mamita awiri, musakafike pa nsapato zake.

Zolakwika za pa mayendedwe n'zodziwika ndipo zonse zili ndi chifukwa. Kagalu koyenda chammbali ngati nkhanu nthawi zambiri kakuyang'ana nyama imene ili m'dzanja lanu lamanja kapena m'thumba. Bisani nyama poyenda, ndipo kunyumba muzikayendetsa m'mbali mwa khoma kapena mpanda. Kagalu koponya miyendo ya mbali imodzi pamodzi, wakutsogolo ndi wakumbuyo, thupi likugwedezeka ngati ngamila, kakuyenda pa liwiro lochepa kapena katopa. Pamafunika kuti mwendo wakutsogolo wakumanja uziyendera limodzi ndi wakumbuyo wakumanzere. Zungulirani kamodzi pang'ono musananyamuke, n'kuyamba ndi phazi lachangu. Kagalu kolumphalumpha ndi kuluma chingwe kangosangalala, ndipo oweruza ambiri a kalasi ya Minor Puppy amangomwetulira n'kukuuzani kuti muyambirenso. Kameneko n'kosavuta kukakonza kusiyana ndi kamene kamakwawa pansi ndi mantha.

Liwiro loyenera simungalidziwe nokha, chifukwa muli pamwamba pa galu. Pemphani wina akujambuleni pa foni chammbali katatu, pa maliwiro atatu, n'kuonetsa munthu wodziwa mtunduwo. Ndipo apa tiyeneranso kudandaula: maholo ambiri ndi aafupi. Kwa Pug kapena Dachshund palibe vuto. Kwa Ridgeback kapena Dobermann, galu asanatambasule miyendo wafika kale kukhoma. Eni agalu akuluakulu ayenera kuyeserera mayendedwe panja pa udzu, n'kumagwiritsa holoyo pa kuima ndi kupapasidwa kokha. Yang'ananinso pansi. Ngati mphasa n'zopapatiza, galu ndiye ayende pamphasa, inu pambali. Kagalu kakaterereka kamodzi pa matabwa opolishidwa kamayamba kuyenda mokunyata zala, ndipo zionetsero zambiri za m'nyengo yozizira zimachitikira m'maholo a masewera a pansi poterera chimodzimodzi.

Patebulo lamulo ndi limodzi: dzanja lisachoke pa galu ngakhale kwa sekondi. Kagalu kolumpha patebulo katha kuthyoka mwendo. Gwedezani tebulolo ndi dzanja musanaikepo galu. Likagwedera, nenani, ndipo kalabu yosamala imalikonza pompo. Miyendo yakutsogolo ikhale pafupi ndi m'mphepete mwakutsogolo kuti kagalu kasafune kupita patsogolo.

Pakhomo pa makalabu ena pamakhala katebulo kogulitsa zingwe za chionetsero, ndipo pa zionetsero zikuluzikulu pali mashopu ake. Hanesi ya pachifuwa ndi chingwe chija chodzikulunga chokha m'kabokosi zilibe ntchito m'bwalo. Zingwe zake zili zamitundu ingapo. Cha nayiloni chopyapyala chokhala ndi mphete, chimene chimathina galu akakoka, n'chotchipa ndipo chimagwira bwino kwa galu wodekha, koma m'manja mwa woyamba kumene chimatsamwitsa kagalu n'kukadanitsa ndi bwalo. Cha lupu yokhala ndi kachitsulo kotsetsereka chimakwana pakhosi monga mwachikonzera ndipo sichithina, koma kachitsuloko kakakalamba kamatsetsereka kokha, galu n'kuvula mutu pobwerera m'mbuyo. Muzikayesa ndi dzanja musanalowe. Chimene tingalimbikitse kwa kagalu ka msinkhu wapakati kapena waukulu ndi chija chothina pang'ono n'kulekera pomwepo, chimene amachitcha half-check kapena martingale: sichivuka ndipo sichitsamwitsa ngati mwasankha saizi yoyenera, yoti chikathina mpaka mapeto chala chimodzi chizilowabe. Kwa tiagalu ta kholingo lofewa monga Yorkshire Terrier ndi Pomeranian, sankhani chotambalala pakhosi. Unyolo wopyapyala uja wonyezimira usiyeni kaye mpaka kagalu kataphunzira kuyenda kosakoka.

Chingwe chikhale kumtunda kwa khosi, kuseri kwa makutu ndi pansi pa chibwano, koma chisakokedwe m'mwamba mpaka miyendo yakutsogolo kumangokhudza pansi. Mtundu wake ufanane ndi ubweya wa galu kuti chisadule maonekedwe a khosi. Chingwe chimenechi chizivalidwa poyeserera ndi m'bwalo mokha, kagalu kadziwe kuti chikabwera ndiye kuti nyama yabwino yayandikira. Kuchokera pa galimoto mpaka pa bwalo gwiritsani kolala wamba wolimba wokhala ndi dzina ndi adiresi yanu, monga lamulo la dzikolo limafunira pa malo a anthu onse. Nyama yake ikhale yofewa, yoduladula ngati nsawawa: chiwindi chophika n'kuumitsa mu uvuni, nkhuku, soseji kapena tchizi. Bisiketi wouma kagalu kamatafuna nthawi yaitali n'kugwetsa nyenyeswa, ndipo galu wotsatira amayenda mphuno ili pansi. Chiwindi chikachuluka chimatsegula m'mimba.

Chimene makalasiwa saphunzitsa mwadongosolo ndi mapepala, pokhapokha mutafunsa. Galu ayenera kukhala wolembetsedwa pa kaundula wa mitundu wa Kennel Club, ndipo umwini ukhale utasinthidwa kuchoka kwa woweta kubwera m'dzina lanu. Pa fomu mumalemba dzina lalitali la pa satifiketi, chilembo ndi chilembo, osati dzina loitanira kunyumba. Ngati kusintha umwini kudakali m'njira mumaonjezera zilembo TAF kumapeto kwa dzina. Kulembetsa kumatsekedwa kudakali masabata angapo chionetsero chisanafike, ndipo ambiri amalembetsa pa intaneti kudzera ku makampani osindikiza makatalogi monga Fosse Data ndi Higham Press. Pa fomu yomweyo mumalonjeza kuti simudzabweretsa galu amene wadwala kapena wakhudzana ndi matenda opatsirana m'masiku 21 chionetsero chisanachitike.

Kwa anzathu ochokera ku Malawi, Zambia kapena South Africa amene akukhala ku Britain pali mfundo zitatu zoyenera kudziwa msanga. Galu wopanda mapepala a kaundula wovomerezeka, ngakhale akongole bwanji, salowa m'makalasi a mitundu. Malo ake ndi zionetsero zachisangalalo ndi mpikisano wa Scruffts wa agalu osakanizika mitundu. Boerboel, amene kwathu anthu amamunyadira, sali pa mndandanda wa mitundu yovomerezeka ndi Kennel Club. Ndipo kudula makutu, kumene ena kwathu amati kumaukalitsa galu, ku Britain ndi mlandu, ndipo galu wodulidwa makutu sapikisana pa zionetsero za bungweli. Kudula mchira nakonso kunaletsedwa mu 2007 kupatula kwa agalu ena a ntchito, ndipo ku England ndi Wales galu wodulidwa mchira lamuloli litayamba saonetsedwa pa chionetsero chimene anthu amalipira pakhomo kuti aonere.

Chionetsero choyamba chikhale cha mtundu wa Open, chapafupi ndi kwanu. N'chotchipa, n'chaching'ono, ndipo phokoso lake n'lochepa kusiyana ndi cha Championship kumene agalu amafika masauzande. Zoti kupambana pa Championship kungakupatseni mwayi wopita ku Crufts, chionetsero chachikulu chija cha m'maholo a NEC ku Birmingham m'mwezi wa Malichi, ziikeni pambali kaye. Lembetsani kalasi imodzi, Minor Puppy ngati ilipo, apo ayi Puppy. Mu Junior kagalu ka miyezi 6 kamaima pambali pa agalu a miyezi 17 okhwima kale thupi. Mtundu wanu ukapanda kalasi yakeyake pa ndondomeko, funani kalasi yolembedwa AVNSC, yosonkhanitsa mitundu yotere, ya gulu lanu mwa magulu asanu ndi awiri a mitundu ya agalu: Gundog, Hound, Pastoral, Terrier, Toy, Utility ndi Working. Achikulire a pa kalabu amadziwa zionetsero za m'dera lanu zimene zili ndi malo abwino kwa tiagalu. Akakuuzani kuti holo yakuti ili ndi zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu, amvereni, galu wamkota sakandira pachabe. Koma akayamba kukuuzani za oweruza okondera ndi za galu wa uje amene sayenera kupambana, ingomwani tiyi wanu. Miseche pa makalabuwa ilipo yambiri ndipo siphunzitsa galu kuima.

Makalabu ambiri amakhala ndi usiku wa match kamodzi pa mwezi, pamene amaitana munthu wakunja kudzaweruza agalu awiriawiri, wogonja n'kutuluka. Kumeneko ndiye kuyesa kwenikweni, chifukwa manja ake ndi atsopano ndipo inu mumayamba kumva kamtima kuthamanga. Mantha anu amatsika ndi chingwe kukafika kwa galu. Ndi bwino kuzionera zimenezo m'holo yozolowera kusiyana ndi kukazionera pa chionetsero.

Zikhadabo muziwenge pang'onopang'ono sabata iliyonse, komaliza patatsala masiku atatu kapena anayi, osati usiku womaliza. Mukadula mpaka pa mnofu wa m'kati magazi amatuluka ndipo kagalu kamatsimphina mawa lake. Kusambitsa kumadalira ubweya: wofewa ndi wautali dzulo lake, wokhakhala wa ma terrier kudakali masiku angapo chifukwa sopo amaufewetsa. Malamulo amaletsa kusiya mu ubweya mankhwala alionse osintha mtundu kapena kukhakhala kwake. M'mawa wa tsikulo kadye pang'ono kapena kadikire mpaka katatuluka m'bwalo, makamaka ngati kamasanza m'galimoto. Tengani khola lake ndi nsalu yophimbira, madzi ndi mbale, timatumba totolera chimbudzi, thaulo, ndi kapini kokolekera nambala pachifuwa. Valani nsapato zafulati ndi zovala za mtundu wosiyana ndi galu, pakuti galu wakuda kutsogolo kwa buluku lakuda saoneka msana. Galu musamusiye m'galimoto kukatentha, ngakhale mawindo atatsegulidwa.

Fikani kudakali ola limodzi. Kagalu kakodze, kazungulire malowo kamodzi, kenako kalowe m'khola kagone. Cholakwa cha oyamba kumene ndi kuima nako m'mbali mwa bwalo maola awiri, kakusewera ndi aliyense, ndiye nthawi yake ikakwana katopa ndipo kakungofuna kugona pansi. Katulutseni patatsala kalasi imodzi. Steward, amene amayendetsa bwalo, amaitana kalasi ndipo sayendayenda kufuna munthu. Mukachedwa mwaphonya. Muuzeni kuti ndi tsiku lanu loyamba, ndipo musaime poyambirira pa mzere, kuti muone zimene woweruza akuuza anzanu. Siyani mpata wa mamita awiri pakati pa inu ndi galu wakutsogolo. Pamene ena akupimidwa kagalu kanu kapume, kasewere pang'ono. Kaimikeni woweruza akamamaliza galu womaliza.

Kakabwerera m'mbuyo woweruza akuyandikira, njutani pambali pake, dzanja pachifuwa, mulankhule nako mwa masiku onse. Oweruza ambiri amapatsa kagalu mpata wachiwiri. Kakakanabe, pemphani kutuluka. Kukalipira kapena kukoka galu mwaukali m'bwalo n'koletsedwa, komanso cha pa miyezi imeneyi tiagalu tambiri timadutsa m'nyengo yoopa zinthu zimene dzulo sitinkaziopa, ndipo kukakamiza kumakhazikitsa manthawo. Makhadi ndi asanu: lofiira woyamba, labuluu wachiwiri, lachikasu wachitatu, lobiriwira wachinayi, loyera wachisanu. Mukalandira lofiira musathamangire ku galimoto, chifukwa mudzaitanidwanso kukapikisana pa Best Puppy in Breed, posankha kagalu kopambana tonse ta mtundu wanu.

Mukabwerako, kagalu kapume tsiku lotsatira, ndipo mukayang'anire kwa masabata awiri. Chifuwa chija chopatsirana cha agalu, chimene amachitcha kennel cough, chimafala mosavuta pamene agalu asonkhana, kaya pa chionetsero kaya m'holo ya ringcraft momwemo, ndipo chimatha kutenga masiku angapo mpaka 14 chisanaonekere. Chizindikiro chake ndi kutsokomola kouma ngati fupa lakakamira pakhosi, nthawi zina n'kutulutsa thovu loyera. Katemera wake alipo, wodontheza m'mphuno, ngakhale satchinga mitundu yonse ya tizilomboto. Kakayamba kutsokomola imbirani dokotala, uzani mlembi wa kalabu kuti achenjeze ena, ndipo musapite ku kalasi mpaka dokotala atavomera. Ngati munalembetsa kale chionetsero china m'masiku 21 otsatira, ndalama imeneyo yapita.